Paipi Yolambalala Manda

Chaka chimene kampani ya thonje inaimika makina ake kumtunda kwa Chiromo, ntchito yoyala paipi inagwera Ignasio, munthu amene anaphunzira za zitsulo m'sitima za pa Shire. Pampu ya nthunzi inakhala m'mbali mwa mtsinje, thanki pachitunda pafupi ndi makinawo. Mzungu wa kampaniyo anayeza kutalika kwa njira ndi kukwera kwa chitunda, naitanitsa pampu yolingana nazo. Atazika zikhomo mowongoka, anapita ku Port Herald.

Zikhomozo zinadutsa pakati pa manda. M'mandamo munagona Estere, mkazi wa Ignasio, ndipo pamtumbira pake udzu unali usanamere.

Ignasio anazula zikhomo, nalambalalitsa paipi kunja kwa msitu wa manda, apa yakhota, apo yakhota. Itaperewera, analumikiza ina yopyapyala imene anaipeza mosungira katundu. Mumtima ankati madzi amaopa chitunda chokha, koma pachidikha angayende mpaka kunyanja osadandaula.

Mzungu atabwerako, anakoleza moto. Pampu inagunda, koma m'thanki munkangogwa kamkodzo ka mbuzi. Iye anatsata paipi ija wapansi mpaka kumapeto, nabwerera thukuta lili kamukamu.

"Pampu iyi ndinaiyezera njira yowongoka," anatero. "Madzi akamakhulana ndi chitsulo amataya mphamvu. Iwe wawatalikitsira ulendo, wawapanikiza, wawakhotetsa. Thonje likafika thanki ili youma, ndikumba mmene ndinazikira zikhomo."

Madzulo ake Geresomo, mchimwene wa Estere, anamupeza Ignasio atanjuta pambali pa paipi.

"Alamu, iyi ndi paipi kapena nsato? Mlongo wanga munamusowetsa tulo ndi nyundo zanu ali moyo. Pano mukufuna makasu akamudzutsenso?"

"Gwirani sipanala, alamu."

Ignasio anamasula polumikizira paipi isanayambe kuzungulira msitu. Madzi anatumphuka, namunyowetsa Geresomo mpaka kumutu.

"Ndinabatizidwa kale kumishoni, ambwana inu."

Ignasio anamanga, nakamasula kuseri kwa msitu, pamalo osakwera ngakhale pang'ono. Kumeneko madzi ankatuluka mwaulesi, ngati munthu wodwala malungo. Ignasio anawayang'ana nthawi yaitali. Mzungu sananame.

M'mawa mwake Ignasio anayesa kuwonjezera nkhuni. Pampu inanjenjemera, nthunzi inaimba mluzu, polumikizira pena panaphulika, koma kuthanki sikunasinthe kanthu. Anazima moto nakhala pansi. Pa zinthu zitatu zimene mzungu anatchula, kutalika sakanakusintha. Zinatsala ziwiri.

Pamchenga kumunsi kwa doko panali sitima ya kampani imene inatitimira mtsinje utaphwa, ndipo inkangochita dzimbiri. M'mimba mwake munali mapaipi ambiri, aafupi koma otakata. Ignasio anakawapempha.

"Tenga," mzungu anatero. "Koma thonje silikudikira."

Abale a Estere anabwera ndi ngalawa zawo. Ankachoka kusanatenthe, n'kubwerera dzuwa likuwotcha mapazi, mapaipi ali paphewa. Ignasio anasula mphete zachitsulo zolumikizira, namata ndi chikopa chachiwisi ndi phula. Yopyapyala ija anaichotsa yonse. Pokhota modzidzimutsa anafukula, nayala mwauta, kuti madzi azipatuka osazindikira kuti apatuka. Pamene njira inatalika kwambiri anayala mapaipi awiri moyandikana, madzi azigawana.

"Mitala imeneyitu," anatero Geresomo. "Estere akumva."

"Kokani."

Zikhatho zinang'ambika. Mphete zina zinakana, iye nazibwezera pamoto. Kumidzi thonje linayera, linatoledwa, ndipo tsiku lina m'mawa anthu anaoneka pamsewu atasenza madengu. Kapitawo wa kampani anabweretsa amuna a makasu, alendo ochokera kutsidya, nawakhazika pamthunzi m'mphepete mwa manda. Geresomo anasiya nthabwala.

Ignasio anakoleza moto. Pampu itagunda, anayenda ndi paipi pang'onopang'ono, dzanja lili pachitsulo, kumvera pamene chikuzizira. Chinazizira pofika pamsitu. Mphete ziwiri zinkadontha, iye nazikulunga ndi luzi osaima. Chinazizira kuseri kwa msitu. Ali m'munsi mwa chitunda, anamva thanki ikulira ngati ng'oma.

Mzungu anakwera makwerero, naviika bango m'thanki, nadikira, naviikanso. Madzi ankakwera, koma osati mmene iye ankafunira. Anatsika, nayang'ana kumsitu, nayang'ana Ignasio.

"Akwana, koma pampu iziyaka tsiku lonse. Idya nkhuni zambiri. Wodula ndiwe."

"Ndidzadula."

Mzungu anakodola kapitawo. Amuna aja ananyamuka pamthunzi, nasiya makasu pakhonde, nakayamba kutula madengu a thonje. Ignasio anatsuka phula m'manja ndi mchenga, nabwereka nkhwangwa kwa Geresomo.