Mlongo Wake Tsidya la Ngalande

Verna Kroeker anali munthu wofunsa. Akafuna kuotcha zinyalala kuseri kwa nyumba, ankayamba waimba kaye foni ku khonsolo. Akafika pamphambano ya pakati pa minda ya tirigu, pomwe galimoto umaiona ikadali kutali ngati nyerere, ankaimabe pachikwangwani n'kuyang'ana uku ndi uku, ngakhale pamalopo pali iye yekha ndi akhwangwala. Musamuseke ayi, kuno kummwera kwa Manitoba, m'dziko la Canada, ambirife ndife otero. Safunsa anadya phula, ndipo Verna phulalo sankalifuna m'kamwa mwake.

Chimwalirireni mwamuna wake, Abe, nyumba ija inamukulira. Ana analibe. Ankadya choimirira pafupi ndi sinki, poti kukhala wekha patebulo la anthu asanu ndi mmodzi kumawawa. Wailesi inkangolongolola tsiku lonse kuti m'nyumbamo muzimveka mawu a munthu. Wachibale amene anamutsalira anali mmodzi basi, mlongo wake wamng'ono, Lyle, amene anawoloka malire ali mnyamata kukagwira ntchito pazitsime za mafuta ku America, n'kukasanduka Mmereka kuposa eni ake. Panali patatha zaka zoposa makumi awiri asanaonane. Pamaliro a Abe sanabwere, anangotumiza maluwa.

Ndiye tsiku lina foni inalira, Lyle n'kunena kuti, "Achemwali, chaka chino tsiku lothokoza zokolola ndidzadyera kwanu." Verna anachita kukhala pansi ndi chimwemwe. Kuyambira pamenepo sanapumenso. Anapukuta mazenera, anayala bedi m'chipinda cha alendo, anatsitsa mbale zamaluwa za paukwati wake zomwe zinachita fumbi pamwamba pa kabati. Mpaka anakakonzetsa tsitsi kutauni, mayi wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, ngati akubwerayo ndi wodzafunsira mbeta.

Tsikulo litafika, nkhukundembo inalowa mu uvuni m'mamawa. Mbatatesi anaziphika n'kuzipota ndi batala. Anaphikanso payi wa dzungu, wotsekemera, monga ankaphikira mayi awo. Patebulo anaika mbale ziwiri moyang'anizana, ndipo ankati akadutsa n'kuziyang'ana, ankamwetulira yekha. Dzuwa lili paliwombo foni inaliranso.

"Andibweza," anatero Lyle.

"Akubweza ndani?"

"Anthu anu a pachipata cha malirewa. Ulemu wake ngati akundininkha mphatso. 'Pepani bambo, pepani bambo,' uku akundilozera msewu wobwerera."

"Walakwa chiyani?"

"Andifunsa ngati ndili ndi mfuti. Ndati eya, ili m'chiunomu. Bodza sindinaphunzire ine."

"Iwe Lyle! Mfuti ya chiyani pobwera kudzadya? Nkhukundemboyi ndi yakufa kale!"

"Akuti ndikaisungitse kusitolo ina tsidya lino, ndidzaitenge pobwerera. Ine? Kusiyira mfuti yanga munthu wosamudziwa chifukwa boma la eni latero? Umenewu ndi ufulu wanga, achemwali. Wolokani ndinu, mundipeze kuno."

Verna anamuuza kuti pasipoti yake inatha ntchito chaka chomwe Abe anayamba kudwala. Anayang'ana mbale ziwiri zija, misozi ili lengelenge.

"Mukukumbukira kamsewu ka kumalire?" anatero Lyle. "Kuseri kwa munda wakale wa bambo, komwe tinkasaka ng'ombe zikathawa? Palibe mpanda paja, pali ngalande chabe. Tikumane pamenepo. Payiyo musamusiye."

Verna analongedza chakudya m'galimoto, atachikulunga m'matawulo kuti chisazizire. Anavala chikhoti chake chofiira. Makiyi ali kale m'manja, pakhomo penipeni, anaima. Malire ndi malire, ngakhale pasakhale waya. Nanga munthu angangopita kukaima pamenepo osadziwa ngati n'zololedwa? Anabwerera m'nyumba n'kuimbira apolisi. Sanaganize zoneneza munthu, Mulungu ndi mboni. Ankangofunsa.

Wapolisi amene anayankha anali wofatsa mawu. "Kucheza si mlandu, mayi. Aliyense akhale mbali yake, ndipo musapatsane kanthu. Masanawa ndili ndi ulendo wa cha komweko, ndidutsa kudzaona kuti zonse zili bwino."

Verna anathokoza kawiri konse, mtima uli m'malo. Chakudya chija sanachitsitse, ngakhale tsopano ankadziwa kuti sichiwoloka.

Kamsewu ka kumalire ndi kafumbi, kowongoka ngati chingwe, ndipo mwezi wa Okutobala kumakhala kulibe kanthu. Tirigu anali atakolola kale, mwangotsala ziputu mpaka komwe maso alekezera. Mphepo yokha ndi imene inali ndi zochita. Ngalandeyo inali youma, yomera udzu, yoti mwana wasukulu angatsike n'kukwera tsidya linalo osapuma n'komwe. Patsidyapo panali pataima chigalimoto chachikulu chakuda, ndipo pambali pake panali nkhalamba yowonda, ya ndevu zoyera, itavala chipewa chachikulu. Verna anadzidzimuka, poti anaona ngati ndi malemu bambo awo.

"Achemwali! Ndinu amenewo? Koma ndiye mwakalambatu!"

"Iwe unadziyang'ana liti pagalasi?"

Anaseka onse awiri, kuseka kotulutsa misozi. Verna anaima m'mphepete mwa ngalande, manja atapinda pachifuwa chifukwa sankadziwa pomwe angawaike. Ankachita kukuwa kuti amvane mumphepomo. Anakumbutsana za ng'ombe ija yamakani yomwe inkakonda msipu wa ku America, ndi za tchalitchi chawo chomwe pano anthu amasungiramo mathirakitala. Lyle anafunsa mmene Abe anafera, ndipo Verna anamufotokozera. Aka kanali koyamba kufotokozera nkhaniyi munthu wa magazi ake, ndipo anamva kupepukidwa.

"Fungo la payi landipeza kuno," anatero Lyle. "Ponyani kachidutswa."

"Sizololedwa kupatsana kanthu."

"Ha! Akuonani ndani? Mbewa?" Lyle anaseka mpaka kutsokomola. "Inu a ku Canada, boma litati Lachiwiri musapume, inu mungangofunsa kuti tiyambe nthawi yanji."

"Nanga inu? Mwana akakuuzani kuti chingwe cha nsapato chamasuka, mumati akukuphwanyirani ufulu."

"Kwathu boma ndi wantchito wathu, achemwali. Wantchito salamula bwana wake."

"Kwathu lamulo ndi mpanda womwe tinamanga tonse. Ukaboola pako, ng'ombe zimakadya mwa mnzako."

"Mawu a bambo amenewo."

"Ndiye unawathawa aja."

Lyle anavula chipewa n'kumachizunguza m'manja. Verna anadziona kulakwa, koma mawu akatuluka sabwerera. Mfuti ija ankaiona, ili m'chikwama chachikopa pa lamba, ndipo lambayo anali atamuboola mabowo atsopano chifukwa cha kuwonda.

"Maso akutha," anatero Lyle kenaka. "Adokotala akuti ikamafika Khirisimasi sindidzaloledwanso kuyendetsa galimoto. Kanyumba kanga ndagulitsa. Ndikupita ku Arizona, kunyumba yosungirako okalamba. Uno ndi ulendo wanga wautali womaliza."

"Bwanji sunanene pafoni?"

"Ndimafuna ndinene tili patebulo." Anaseka pang'ono, koma sikunali kuseka kwenikweni. "Ndikuuzeni zoona? Pomwe mwaimapo ndikungoona chikhoti chofiira. Nkhope yanu sindikuiona. Zoti mwakalamba zija ndimangoganizira."

Verna anamva ngati wina wamuponda pamtima. Tsitsi lija anakonzetsa, milomo yomwe anapaka utoto tsikulo, zonsezo mlongo wake sanazione.

Kenaka Lyle anamasula lamba, n'kuchotsa mfuti ija ndi chikwama chake chomwe. Anatsekula chitseko cha galimoto, anaiika pampando, n'kutseka. Chinthu chomwe anakana kuchitira boma la dziko lonse, anachitira mlongo wake popanda womuuza. Anayamba kutsika m'ngalande chammbali, pang'onopang'ono, akufufuza ndi phazi popondapo.

Verna anatsekula pakamwa kuti anene kuti sizololedwa. Mawuwo anafika pa lilime, koma anawameza. Chibale ndi fupa, sichiola. Anasendera mpaka nsonga za nsapato zake zinalendewera pangalande, anawerama, n'kutambasula dzanja kuti mlongo wake adzagwire pokwera. Zomwe anauzidwa pafoni zinali zitamuchoka m'mutu. Ankangoona dazi la Lyle likuyandikira, ndi makutu aja otambalala omwe ankamuseka nawo ali ana.

Lyle ndi amene anayamba kumva. Anaima pakati pa ngalande n'kutchera khutu.

"Kukubwera galimoto. Mbali yanuyo."

Verna anacheuka. Kutali mumsewu kunali fumbi, ndipo patsogolo pa fumbilo panali galimoto yoyera ya nyali padenga, ikubwera mosathamanga.

"Ndani ameneyo?" anafunsa Lyle.

Bodza nayenso sanaphunzire. "Ndi apolisi."

"Apolisi? Kuthengo kuno? Adziwa bwanji?"

"Ndinawaimbira. Ndimangofunsa, Lyle."

Lyle anakweza nkhope kuyang'ana komwe kunkachokera mawu. Maso ake anali otuwa, ndipo sanalunjike pa Verna penipeni, analunjika pambali pang'ono.

"Mwandiitanira apolisi."

"Ayi! Ndimafunsa ngati n'zololedwa kudzakuona. Ndi munthu wabwino, sakumanga. Gwira dzanjali, bwera pafupi, tiwafotokozera."

"Kufunsa boma ngati n'zololedwa kuona mwana wa mayi anu." Ananena motsitsa mawu, ngati akudziuza yekha. "Ine ndavula mfuti chifukwa cha inu."

"Lyle, mlongo wanga, tandimvera!"

Koma anali atatembenuka kale. Pokwera anaterereka n'kugwa chogwada, ndipo anakwera chokwawa, akugwira udzu. Verna anakuwa dzina lake, anakuwanso, dzanja likadali chitambasulire. Kutsika kumutsatira kunali kosavuta, koma sanatsike. Galimoto yoyera ija inali ikuyandikira, ndipo moyo wake wonse anali asanachitepo choletsedwa pamaso pa wapolisi. Tsidya lija chitseko chinamenyedwa kuti pha! Chigalimoto chakuda chinalilima, chinatembenuka pa ziputu, n'kulunjika kummwera. Verna anachiyang'ana mpaka chinatsala fumbi lokha.

Wapolisi uja anaimika galimoto yake patali ndithu, n'kubwera wapansi, chipewa chili m'manja. Anali bambo wa imvi pang'ono, wa nkhope yabwino.

"Pepani mayi, ndasokoneza? Ndimati ndiime pataliko kuti mucheze momasuka."

"Ayi bambo, pepani ndinu, ndakuvutitsani pa tsiku la tchuthi," anatero Verna. Mawuwo anangotuluka okha monga mwa chizolowezi, ndipo anadana nawo akuwalankhula.

Wapolisiyo anayang'ana tsidya, pomwe panali mikwingwirima ya matayala, kenaka anayang'ana mayiyo. Mphepo inali itabalalitsa tsitsi lake.

"Achimwene anu aja anabwera?"

"Anabwera."

"Chabwino kwambiri. Ndiye mwaonana?"

Verna anapukuta m'maso ndi mkono wa chikhoti.

"Ine ndamuona," anatero. "Iye sanandione."