Bwerezani Kaye Zimene Anena Alamu Anu

M'mawa wa Loweruka banja linali pa tebulo likumwa tiyi. Bambo, omwe amakonza njinga pakhonde la nyumba yomweyo, anali atachapa kale m'manja kuchotsa girisi, chinthu chimene sankachita masiku wamba.

"Ndiye lamuloli likuti chiyani kwenikweni?" Bambo anafunsa mwana wawo wamkazi, yemwe anali mphunzitsi.

"Silinakhale lamulo, Bambo, aphungu akukambiranabe. Likadzadutsa, mwezi uliwonse anthu a zipani zosiyana azidzakhala pamodzi kukambirana mavuto a m'dera lawo. Lero tikungoyesa, ndipo wotsogolera ndine."

"Achimwene abwera?" Amayi anafunsa osadzutsa mutu.

Chithere chisankho, mchimwene wawoyo sanapondenso pakhomo pano. Iye ndi Bambo anavotera zipani zosiyana, anatukwanizana pamsewu, basi moni unathera pomwepo. Kapu imene malumewo ankamwera tiyi Amayi ankaitsukabe pamodzi ndi zinzake.

"Abwere," anatero Bambo. "Ndikawaphunzitse ndale."

Masana kalasi ya pasukulu imene ankachitiramo msonkhanowo inadzaza. Popanda wowauza, a chipani ichi anakhala kumazenera, a chipani icho kukhomo, mawondo akugunda madesiki a ana. Nkhani inali ya ngalande ya mumsewu imene inatsekeka. Mphunzitsi anafotokoza dongosolo lake: usanayankhe munthu, uyambe wabwereza zimene wanena mpaka mwiniwake avomere kuti wamumva.

Malume anaimirira n'kulankhula motalika. Asanakhale pansi n'komwe, Bambo anali atanyamuka kale, chala m'mwamba.

"Bambo," anatero mwana wawo mofatsa, "bwerezani kaye zimene anena alamu anu."

"Akuti ife a chipani chathu ndife mbava."

"Sindinatero ine," anatero malume.

"Akuti khansala wathu ndi waulesi."

"Zimenezo mukunena nokha, alamu. Komatu ndi zoona."

Kalasi yonse inaseka, kumazenera ndi kukhomo komwe. Bambo anayang'ana mwana wawo kuti mwina awamvera chisoni. Iye anangoima ndi choko m'manja, monga amadikirira mwana wa sukulu amene sanamve funso.

"Malume, nenaninso. Mwachidule."

Malume ananenanso. Ulendo uno Bambo anatchera khutu, poopa kusekedwa kachiwiri.

"Akuti," anayamba pang'onopang'ono, "mvula ikagwa, madzi a m'ngalande amalowa m'nyumba mwawo. Akuti matiresi amaikwezera pa tebulo, ndipo akazi awo chifuwa sichikuwachoka." Anatembenukira kwa alamu awo. "Zayamba liti zimenezi?"

"Ndi momwemo," anatero malume. "Mwandimva."

"Tsopano yankhani, Bambo."

Bambo anakanda m'mutu. Yankho limene anabwera nalo kuchokera kunyumba linali la khansala, osati la matiresi.

"Ine fosholo ndili nayo," anatero, n'kukhala pansi.

Pobwerera anaima pa golosale, pa telala, ngakhale pa wometa tsitsi amene sanafunse kanthu. "Mwamuona mwana wanga? Wandikhazika pansi ineyo, pamaso pa anthu. Aphunguwo abwere adzaonere kwa iyeyu."

M'mawa mwake Amayi akusesa pakhonde anamva tcheni chikukhwekhwereza. Anali achimwene awo, akukankha njinga yophwa tayala.

"Alamu, mudakakonzabe njinga za anthu a chipani cholakwika?"

"Zimenezo ndiye zimaphwa kawirikawiri," anatero Bambo akuitembenuza miyendo m'mwamba. "Ngalande ija tiyamba Lachiwiri. Koma khansala wathu si waulesi."

"Mukuti khansala wanu si waulesi. Ndakumvani. Koma ndi waulesi."

Amayi anatsamiritsa tsache pakhoma, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kapu ija itadzaza.