Odwala a M'botolo Achira

M'chipinda cha kumapeto kwa labotale, mayi wofufuza ankaweta tintchentche ta m'zipatso todwala. Anatidwalitsa yekha. Anatichotsa jini imodzi, kachidutswa ka chibadwa kopanga enzaimu, mankhwala a m'thupi amene amakonza uthenga wotchedwa RNA mu ubongo, ndipo tinkabadwa tonjenjemera, toyenda dzandidzandi, tolephera kukwera galasi la botolo. Mtundu umenewu ndiwo unali ntchito yake ya zaka zambiri, ndipo kwina kulikonse kunalibe.

M'mawa wina Ndevu, mnzake wa tebulo loyandikana, anakwezera botolo limodzi kuwindo.

"Mlamu, odwala anu aja achira. Munakawapempherera kuti?"

"Ikani pansi, musandiseweretsere ana."

"Zoonatu. Taonani aka, kakuthamanga ngati kachedwa ku ukwati."

Mayiyo sanaseke. Analanda botololo n'kuligogoda pachikhatho kuti tonse tigwere pa chakudya cha pansi. Tambiri tinatsala pomwepo tikuphupha. Koma tingapo tinadzuka n'kukwera mowongoka mpaka pa thonje lotsekera.

Jini yochotsedwa sibwerera yokha. Ikabwerera, ndiye kuti yabwera ndi kantchentche kamphongo kakunja, ndipo ana a mlendoyo amaswana msanga, odwala aja n'kuzimiririka.

"Posintha chakudya mumatseka mabotolo nthawi yomweyo?" anafunsa Ndevu.

"Ndifulumirirenji? Anthu ake sakwera, sauluka. Ndimatsegula mzere wonse, ndisamutse, kenako nditseke."

"Kutuluka satuluka, eya. Nanga kulowa?"

Onse awiri anacheukira kusinki. Pamwamba pa mabotolo akale odikira kutsukidwa, tintchentche tonenepa bwino tinkazungulira mosafulumira, ngati eni nyumba.

Mayiyo anayamba kugogoda mabotolo a pa shelefu, lina pambuyo pa linzake. Lililonse linali ndi kokwera. Ndevu anasiya nthabwala, n'kumangomulandira mabotolowo ndi kuwaika pambali.

"Osada nkhawa, mlamu," anatero motsitsa mawu. "Si muli ndi osungira aja m'kabati yofunditsa?"

"Alipo."

"Amenewo munawasinthira chakudya liti?"

"Tsiku lomwelo."

"Patebulo pano?"

Mayiyo anayenda mpaka kukabatiko, nagwira chitseko kwa kanthawi asanachikoke. Mpweya wofunda wonunkha yisiti unamuwomba kumaso. Sipanafunikenso kugogoda. M'mabotolo onse, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, timadontho takuda tinali m'mwamba, tikuyendayenda pansi pa thonje.