Tsiku Limene Tuncay Anavula Kapusi

"Vula kapusiyo, mkwati. Sindimeta nsalu ine," anatero Nevzat wometa, uku akunola lumo lake.

Tuncay sanaivule. Anayamba wasuzumira kaye pakhomo la kachipinda ka kuseri kwa shopuyo. Panja ng'oma inali itayamba kale, chitoliro chikulira, ndipo anzake oyendetsa nawo minibasi anali atakokera mpando wometera pakati pa msewu, monga timachitira kuno ku Zeytinburnu mwamuna akamakwatira. Mkwati amametedwa poyera, anthu akuvina momuzungulira. Tsiku limenelo mutu subisika.

"Tsekani chitseko, achimwene."

Nevzat anatseka. Tuncay anavula kapusi ija, ndipo lumo linasiya kulira.

Dazi la Tuncay tonse tinkalidziwa, dazi labwinobwino, losalala, lopatsa ulemu. Koma izi zinali zina. Kunkhongo, kumene anazula tsitsi lokadzala kutsogolo, kunali timadontho toyera mbuu ngati juzi yodyedwa ndi njenjete. Pamwamba pa chipumi panali kamzere ka tsitsi louma loloza kumwamba, ndipo kuseri kwa kamzereko kunali chipsera chonyezimira, kukula kwake ngati chikhatho cha mwana, pamene khungu linafa.

"Mayo ine! Anakuchita ndani zimenezi? Wosenda mbuzi?"

"Kachipatala kena, pamwamba pa sitolo ya mafoni. Dokotala ndinangomuona pachithunzi. Anandigwira ndi atsikana awiri, wina akutafuna chingamu."

"Nanga sunabwerereko?"

"Kanayi konse. Ankangoti dikira chaka, limera. Mwezi watha ndapeza akugulitsamo makatani."

Zoti Tuncay anakadzalitsa tsitsi aliyense ankadziwa. Mu Istanbul muno n'zachilendo ngati? Amuna omanga mabandeji kumutu timakwera nawo basi tsiku ndi tsiku. Zübeyde, mkazi amene ankamukwatirayo, atamva anangoseka n'kunena kuti, "Ine ndinavomera dazilo. Tsitsi mukufunalo ndi lanu." Ndipo Tuncay akamakana kuvula kapusi, ati dzuwa limaononga mizu, tonse tinkangoti n'kunyada kwa munthu wapeza chatsopano.

Chimene sitinkadziwa ndi ichi. Ukwati unayenera kuchitika mu Meyi. Pofika Epulo bala linali likutulukabe mafinya, munthu akugona chokhala, akuchapa yekha nsalu ya pilo kuti mayi ake asaone. Ndiye anapita kwa bambo Hulusi, bambo ake a Zübeyde, n'kukanama kuti nyumba yodzakhalamo ikudontha, mwini wake akuti amaliza kuikonza mu Okutobala. Mkuluyo anali akudwala kale mapapo, mawu akuchita kukoka.

"Mwana wanga, ikadontha mudzatchera beseni," anatero. "Ine ndikufuna lamba wofiira wa ukwati ndimumange ndekha Zübeyde m'chiuno, ndikadali ndi manja."

Tuncay anaumirira, maso ali pansi. Bambo Hulusi anamwalira mu Julaye. Kuyambira pamenepo Zübeyde ankati akadutsa pa nyumba ija amatukwana mwini wake, nkhalamba yosalakwa kanthu.

"Akangoona mutuwu awerenga miyezi," anatero Tuncay m'kachipinda muja. "Si wopusa Zübeyde. Ndibiseni lero lokha, achimwene. Mawa ndimuuza ndekha."

"Mawa! Iwe ndi mawa wakoyo."

Komabe Nevzat anali munthu wa mtima wofewa. Anatsegula kabati n'kutulutsa kachitini ka ufa wakuda umene amawaza oimba pa maukwati tsitsi likayamba kuwathawa. Anawaza pachipsera, anawaza kunkhongo, anapesa kamzere kaja chammbuyo, kenaka anapopera mankhwala oumitsa.

"Tamvera tsono. Umenewu sugwirizana ndi madzi. Usavine kwambiri, usatuluke thukuta. Ndipo aliyense asakugwire kumutu."

Tuncay anadziyang'ana pagalasi. Unali mutu womwe uja anamulonjeza kukachipatala kaja chaka chatha. Anamva chimwemwe, ndipo chimwemwecho chinamuchititsa manyazi.

Atatuluka, msewu wonse unakuwa.

"Eee! Taonani nkhalango!"

"Tuncay, ndiwe yemwe kapena watuma mng'ono wako?"

"Apolisi akakuimitsa lero akukanira laisensi, chithunzi si chako!"

Anamukhazika pampando, Nevzat anamukulunga nsalu yoyera n'kumupaka thovu kumaso. Ndevu zinametedwa bwinobwino, anzake akuvina atagwirana mapewa, amayi akuonerera pa mawindo. Tuncay anafika mpaka pomwetulira. Kunangotsala kuti adzuke.

Apo ndi pomwe anatulukira Cengiz, mchimwene wake wa mkwatibwi, mwamuna wa chifuwa chake wosadziwa kuyenda pang'onopang'ono. M'manja anali ndi botolo lalikulu la kolonya, madzi onunkhira ndimu aja amene kwathu kuno kumeta sikutha popanda iwo.

"Alamu! Chaka chathunthu mwakhala mukutibisira mundawu. Lero tiuthirire!"

"Iwe Cengiz, usayerekeze!" anakuwa Nevzat.

Ng'oma inameza mawu ake. Cengiz anakhuthula theka la botolo pamutu pa mlamu wake, n'kutikita ndi manja onse awiri, mwachikondi ndithu, monga amachitira aliyense.

Madzi akuda anatsika pachipumi, m'maso, m'makutu, mpaka pa kolala ya shati yoyera ya ukwati. Chipsera chinaonekera poyera, chitafiira psuu chifukwa kolonya amawawa pa khungu lotere. Wina anaseka, kenaka anazindikira kuti akuseka yekha. Wang'oma anasiya. Wachitoliro, amene ankaimba atatsinzina, anapitiriza pang'ono mpaka mnzake anamugunda ndi chigongono. Mafoni ojambula okha ndiwo sanatsike, anthu opanda chisoni inu!

Cengiz anayang'ana zikhatho zake zakuda bii.

"Alamu... pepani. Ine sindimadziwa."

Tuncay anapukuta m'maso ndi nsalu ija n'kutsamira pampando.

"Metani lonse, achimwene."

"Tilowe m'kati."

"Pompano. Aona kale."

Nevzat anameta, lumo likuyenda mosamala kuzungulira chipsera. Kamzere ka tsitsi kaja, kamene munthu anakavutikira chaka chathunthu, kanagwa pansi kamodzi n'kamodzi. Wina anathamanga kukabwereka shati ina.

Masana anapita kukatenga mkwatibwi, magalimoto ali pambuyo koma osaliza mahutala. Mwamwambo Cengiz anayenera kutseka chitseko n'kuvutavuta kaye asanatulutse mlongo wake, koma anangochisiya chotsegula, iye n'kuima pambali ngati mlendo.

Zübeyde anatuluka atavala zoyera, m'chiuno muli lamba wofiira womangidwa ndi mchimwene wake, mfundo yake yokhota. Foni inali m'manja. Anali ataona kale zonse.

Anaima pamaso pa Tuncay n'kuuyang'ana mutuwo nthawi yaitali. Sananyansidwe nawo. Anatukula dzanja n'kukhudza m'mphepete mwa chipsera ndi nsonga za zala.

"Chimapweteka?"

"Kukazizira."

"Mukanandiuza, bwenzi ndikukutsukani ndekha." Anatsitsa dzanja. Mawu ake anali otsika, oti amve awiri okha. "Mu Epulo chinali chonchi?"

"Chinali choipa kuposa apa."

"Nanga nyumba ija inkadontha?"

Tuncay anatsegula pakamwa. Bodza lina linali pafupi, lokonzeka kale, koma analibenso mphamvu zolinyamula.

"Sinadonthepo."

Zübeyde anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanalire, sanakuwe, ndipo kunena zoona bola akanakuwa. Anayang'ana mayi ake amene anaima pakhomo atagwira chithunzi cha malemu, anayang'ana magalimoto odzaza abale ochokera kutali, kenaka ananyamula m'munsi mwa diresi lake.

"Tiyeni, anthu akudikira."

M'galimoto anakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando, nkhope ili kuwindo. Atafika pa mphambano yolowera ku holo, anagwira phewa la woyendetsa.

"Khoterani kumanzere, achimwene. Tidzere kumanda, bambo andione."

Galimoto inaima pa geti la manda. Tuncay anagwira chitseko kuti atsike naye.

"Inu khalani momwemo," anatero Zübeyde, osacheuka.

Tuncay anachotsa dzanja pachitseko. Anakhala m'galimotomo, dzuwa likumuotcha pachipsera, akuyang'ana diresi loyera likulowa lokha pakati pa manda.