Kangaude wa Miyendo Isanu ndi Umodzi

Kwa zaka makumi awiri, Amayi Aphunzitsi akhala akuyendetsa maphunziro apadera a Loweruka m'chipinda cha pamwamba pa laibulale, moyang'anana ndi siteji ya mabasi. Ine ndine wachiwiri wawo, ndipo pa zomwe ndikuuzenizi, wopalamula ndine.

Amayiwa ali ndi kachitidwe kawo. Phunziro lililonse amalakwitsa dala kanthu kamodzi pabolodi, ana n'kumalimbirana kuwagwira. Amati mwana wosatsutsa mphunzitsi ndiye kuti wagona.

Ndiye kunabwera bwana wa ku ofesi ya zamaphunziro kudzaona ngati ndife oyenera kukhalabe m'chipindacho, kapena achisandutse mosungira mabuku akale. Ine, Nzeruzayekha, ndinawanong'oneza ana pamasitepe: "Lero pali mlendo. Musawachititse manyazi Amayi."

Amayi analemba kuti kangaude ali ndi miyendo isanu ndi umodzi. Anatembenuka n'kudikira. Zii! Ana makumi atatu, manja pachifuwa ngati ali m'tchalitchi. Bwana uja analemba kanthu m'kabuku kake.

Amayi anasonkhezera moto, akuti mleme ndi mbalame. Zii! Kenako anafika ponena kuti dzuwa limazungulira dziko. Kamtsikana kena kokonda makani, komwe timakatcha Loya, kanali thukuta kamukamu, kataluma kolala ya diresi. Bwana anatembenuza tsamba. Ine ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Amayi anaika choko patebulo. "Ana inu, mwadwala?"

"Ayi, Amayi," anatero Loya. "Atiuza kuti tisakuyalutseni pamaso pa mlendo." Maso onse anagwera pa ine.

Amayi sanandiyang'ane n'komwe, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipiridwa. Anatenga choko n'kupatsa mlendo. "Bwana, anawa lero akundichitira ulemu. Tawaphunzitsaniko inu kasamu kamodzi."

Bwana anayesa kuzemba, koma Amayi sakanidwa. Mlendoyo anavula jekete n'kuyamba samu yogawa, yaitali. Pamzere wachitatu anaiwala kutsitsa ziro. Iye sanachite dala ayi, mwana wa eni.

Manja makumi atatu anakwera nthawi imodzi, mpando wina mpaka kugwa. "Bwana! Bwana! Pamenepo ayi!"

Bwana anayang'anitsitsa bolodi, n'kupukuta pachipumi ndi dzanja lachoko. Anatseka kabuku kake. Kenako anawafunsa Amayi motsitsa mawu ngati malo angapezeke a mwana wake wamkazi, kuyambira Loweruka likubwerali.