Mbali ya Kumanja kwa Mwala

Mayi wa mapasa anakwera phiri yekha, mawondo akuwawa, mpaka anafika pa mathithi pamene iye ndi malemu mwamuna wake ankajambulitsa chaka chilichonse. Bamboyo ankakonda kuima mbali imene madzi amawaza, n'kumadzitama kuti akanyowa ndiye amakongola.

Mayiyo anapatsa foni mtsikana wina amene anamupeza pamenepo, n'kukaima pa mwala wawo uja. Anakonza kolala, n'kuyesa kumwetulira.

"Amayi, tasunthirani pakati!" anakuwa mtsikanayo, mawu ake akulimbana ndi mkokomo wa madzi. "Mbali iyi mwasiya malo a munthu wathunthu!"

Mayiyo anacheukira kumanja, kumene madzi ankangonyowetsa mwala.

"Jambulani choncho, mwanangu."