Maluwa a Pichesi pa Makadi

Tinali amayi asanu opanga makadi m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi ku Fonte Boa, ndipo wosadziwa kujambula ndinali ine. Anatiphunzitsa ndi a Irima, asisitere okalamba ochokera ku Japani. Makadiwo ankawatumiza kwa akhristu anzawo a kwawoko, ndipo pa kadi iliyonse pankayenera kukhala kanthambi ka maluwa ofiirira a dziko lawo. Anzanga a Rufina akajambula ankatuluka maluwa. Ine ndikajambula zinkatuluka zipere.

Mu Agosito tinamva kuti a Irima akubwerera kwawo, miyendo yawakana. Anatipempha makadi otsiriza, aliyense makumi awiri, oti anyamule okha. Ndinkafuna kuti kamodzi kokha aone ntchito yanga n'kumwetulira, osati kumangoti "tiyeserenso, a Helena" monga mwa masiku onse. Mawu amenewo ndinali nditatopa nawo kwabasi.

Pakhomo panga pali mtengo wa pichesi, ndipo mwezi umenewo unali utadzaza maluwa, masamba asanaphuke. Ndinauyang'ana n'kunena kuti, ndivutikiranji ndi utoto? Masiku anayi ndinakhalira kukwera pampando, kuthyola limodzilimodzi, khosi lili gwa. Ndinkawapanikiza m'buku la nyimbo ndi m'makope akale a ana, mwala pamwamba. Ambiri ankada ngati fodya, ndiye ndinkathyolanso ena. Alamu anga a Basilio anadutsa panjinga n'kufunsa ngati pakhomo pano tasiya kudya zipatso. Ine ndinapitiriza kuthyola. Pomaliza m'mwamba munatsala nthambi zokhazokha.

Lachisanu ndinapita nawo makadi anga, omata bwinobwino ndi kola, msana ukuwawa. A Irima anatenga imodzi, kuiyandikiza kumaso, kukhudza duwa ndi chala. Anamwetulira, inde. Mtima wanga unakhala pansi.

"Awa ndi enieni," anatero. "Mwawapeza kuti, a Helena?"

"Pakhomo panga pomwe, a Irima. Ndi a pichesi."

"Aa, muli ndi mtengo! Mwatola ogwa ndi mphepo, eti?"

Ndinangogwedeza mutu movomera.

"Kwathu mtengo ukachita maluwa chonchi timayala mphasa pansi pake, banja lonse, kumangoyang'ana m'mwamba mpaka dzuwa kupendeka. Zaka zonsezi ndinkangoti ndidzachita chaka chamawa, ntchito zikachepa." Anaika kadi ija pachifuwa. "Galimoto ikunditenga Lolemba. Lamlungu misa ikatha, mundilole ndidzakhale pansi pa mtengo wanu. A Rufina andigwira mkono, tifika pang'onopang'ono."

A Rufina, amene amadutsa pakhomo panga m'mawa uliwonse popita kumadzi, anawerama n'kuyamba kutola tizidutswa ta mapepala pansi. Ndinachita manyazi osaneneka.

"Mubwere, a Irima," ndinatero. "Mphasa ilipo."